Galimoto ya Mipando Iwiri

Galimotoyo inafika pagalaja Lolemba m'mawa, ndipo aliyense anasiya chimene ankachita. Inali yofiira psuu, yaifupi ngati yagwada, mimba yake itatsala pang'ono kukwecha pansi. Mwini wake, dokotala wa mano, anatulukamo movutikira, dzanja lina pachitseko, lina pamsana. Anati akaiponda moto ikumalira mwachilendo, ndipo iye akuchokapo sabata ziwiri. Makiyi sanapereke kwa mwini galaja. Anapereka kwa Sipanala, chifukwa tauni yonse inkadziwa kuti munthu ameneyu amamva matenda a injini ndi khutu, monga mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake pakati pa ana khumi.

"Muikonze, koma isatuluke pageti apo," anatero dokotalayo. "Iyi si yophunzirira."

Atangochoka, Mawaya, yemwe ankakonza za magetsi pagalajapo, anasuzumira pawindo n'kuomba m'manja.

"Mipando iwiri basi? Nanga apongozi azikhala pati?"

"N'chifukwa chake anaigula," anayankha Sipanala, ndipo galaja yonse inafa ndi phwete.

Sipanala anali bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, wosalankhulalankhula, wa zikhadabo zakuda zimene sopo anazilephera kalekale. Anali atakonza magalimoto a eni kwa zaka zoposa makumi awiri, koma yake analibe. Kuntchito ankabwera wapansi. Akamayesa galimoto ya kasitomala ankayendetsa mofatsa ngati wanyamula mazira, moti anzake ankati nkhuku ikhoza kumupitirira n'kumudikirira kutsogolo. Masiku atatu anakhala akufufuza m'galimoto ya dokotala ija, mpaka anapeza kapaipi ka mpweya katang'ambika pamalo obisika. Atasintha n'kuliza injini, malata a denga ananjenjemera. Anakhala m'katimo kanthawi, manja ali pachiwongolero, osapita kulikonse, kenako anazimitsa.

Lachinayi masana foni yake inalira. Anali achemwali ake.

"Achimwene ako ali m'chipatala chachikulu kuno. Kuyambira dzulo sakudya. Anesi akuti tiitane abale." Mawu awo anaduka, kenako anabwerera. "Akutchula iweyo. Ngati ukubwera, bwera lero."

Sipanala ndi achimwene akewo sankamwerana madzi kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Achimwenewa ndi amene anamulera bambo awo atamwalira, ndipo ndi amene anamuphunzitsa kugwira chiwongolero, pa lole imene ankayendetsa maulendo ataliatali. Koma mayi awo atadwala kwa kayakaya, Sipanala anauzidwa m'mawa, iye nati amalize kaye injini imene anali ataimasula. Anafika madzulo, mayi atatsirizika kale. Achimwene ake anamuyang'ana pamaso pa anthu onse nati, "Iwe mayi ako ndi injini." Kuyambira tsiku limenelo sanalankhulanenso, ngakhale moni.

Anayang'ana nthawi. Basi yamasana inali itapita, ndipo minibasi zinkayamba zadzadza kaye, kenako n'kumaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Ulendo wa maola anayi. Pagalaja panali lole yopanda matayala, kagalimoto kochotsedwa giyabokosi, ndi iyo yofiira. Mwini galaja anali atapita kukagula zitsulo.

Mawaya anamuona akutenga makiyi pamsomali.

"Aise, ayi. Imeneyo ayi."

"Achimwene akufa."

"Pepa. Koma tiye tikafune galimoto ina. Kuthamanga si kufika."

"Tsegula geti."

Mawaya anamuyang'ana m'maso, ndipo anaona kuti sangamuletse. Anatsegula geti, n'kuthamangira kuchitseko chinacho.

"Sindingakusiye wekha ndi chilombo chimenechi. Ukafa, mkazi wako adzandifunsa ine."

M'tauni galimotoyo inkavuta ngati galu womangidwa. Ikangokhudzidwa pang'ono inkafuna kulumpha, ndipo pa mahampu Sipanala ankadutsa chopingasa kuopa kung'amba mimba yake. Anthu ankatembenuka. Mayi wina wogulitsa zipatso anawaimbira mluzu, Mawaya n'kumubayibitsa ngati nduna. Atadutsa fakitale yomaliza ndi malo omwetsera mafuta, msewu unatambasuka, watsopano, wakuda bii, wowongoka mpaka kumene maso amalekezera.

Sipanala anaponda.

Sanayembekezere zimene zinachitikazo. Msana wake unamatirira kumpando ngati munthu wamukankha pachifuwa. Injini, imene inali kumbuyo kwa mitu yawo, inasiya kung'ung'udza n'kuyamba kukuwa. Kamuvi kosonyeza liwiro kanadutsa 100 asanapume kawiri. Anasintha giya, galimoto inagwedezeka kamodzi n'kudzikokanso. 140. 160.

"Mayo ine!" anatero Mawaya akuseka, atagwira lamba ndi manja onse. "Chakudya chamasana chabwerera pakhosi!"

Minibasi imene inali kutsogolo kutali inawafikira ngati ikubwerera chambuyo. Anaipitirira, ndipo pagalasi inasanduka kadontho. Anapitirira lole ya matabwa, kenako ina ya simenti. Mizere yoyera yapakati pamsewu, imene imakhala yodukaduka, inalumikizana n'kukhala chingwe chimodzi. Mitengo inasiya kukhala mitengo, inangokhala khoma lobiriwira mbali zonse ziwiri. Tizilombo tinkaphulika pagalasi, tha, tha, tha, ngati mvula yoyamba.

Poyamba m'mutu mwa Sipanala munali achimwene ake okha. Ankawaona ali chigonere, ankakonza mawu oti akanene, n'kuwataya, n'kukonza ena. Koma galimotoyo sinkalola munthu kuganiza zina. Pa 180 inkafuna maso onse, manja onse, mtima wonse. Ndipo chodabwitsa chinali chakuti ikamathamanga kwambiri m'pamene inkakhazikika. Inkakanirira pamsewu ngati nkhupakupa. Pokhota ankangoiganizira, iyo n'kukhota. Zaka zonsezi ankagona kunsi kwa magalimoto a eni, mafuta akumudonthera kumaso, akumangirira mphamvu zimene sanazilawepo. Lero injini imene anaikonza ndi manja ake inkamuyankha iyeyo, ndipo inkayimba bwino, popanda kachilema n'kamodzi komwe.

"Basi, aise," anatero Mawaya. Sankasekanso. "Taona zimene imachita. Tsitsa."

200.

"Tsitsa, ndati! Ndili ndi ana ine!"

"Tamvera injiniyo!" anakuwa Sipanala. "Ukuimva? Sinayambe n'komwe!"

Kamuvi kanakwera pang'onopang'ono tsopano, 210, 220. Msewu unaoneka wopapatiza ngati lamba wa thalauza. Chiwongolero chinkanjenjemera pang'ono m'manja mwake, chamoyo. Sipanala anamva chinthu chikukwera kuchokera m'mimba, chinthu chimene anali atachiiwala, ndipo chinatuluka pakamwa. Ankaseka. Ankaseka mokweza, kukamwa kuli yasa, misozi ili m'maso, ndipo pa nthawi imeneyo sankakumbukira za chipatala, za achemwali, ngakhale za kumene ankapita.

Kutsogolo kunali kachitunda, kakang'ono koti woyenda pansi sangakatchule n'komwe. Galimoto inapepuka pamwamba pake. Itatera, Sipanala anaona njinga.

Inali kutali, mtunda woti galimoto ina iliyonse ikanaima bwinobwino. Munthu wovala malaya oyera ankawoloka msewu mwachifatse, kupita kunjira yafumbi ya mbali inayo. Ayenera kuti anayang'ana uku ndi uku n'kuona msewu uli mbee. Sipanala anaponda mabuleki ndi mphamvu zake zonse. Lamba anamudula paphewa, matayala analira, fungo la mphira linadzaza m'katimo. Anakhotetsera kumanja kuti adutse kumbuyo kwa njingayo, ndipo anatsala pang'ono kukwanitsa. Kunamveka kaphokoso kakang'ono chabe, gu, ngati munthu watseka chitseko cha kabati. Kenako mapepala oyera anadzaza mlengalenga.

Galimoto inakaima patali. Injini inkang'ung'udzabe modekha ngati palibe chachitika.

Msewu unali zii, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Sipanala anayang'ana kutsogoloko, ndipo phazi lake linasuntha lokha kupita pa moto. Mawaya analiona phazilo.

"Ukatero, nditsitse kaye," anatero motsitsa mawu.

Sipanala analowetsa giya yobwerera m'mbuyo.

Anamupeza m'ngalande, atagona chammbali, nsapato imodzi itavuka. Anali bambo wachikulire pang'ono, wa imvi zochepa, atamanga tayi yabuluu. Zala zake zinali zoyera ndi choko. Njinga inali uko, tayala lakumbuyo litapindika pakati, ndipo makope a ana asukulu amene anawamanga pakaliyala anali mbwee msewu wonse. Magazi sanali ambiri, pamphumi pokha ndi pakona pakamwa. Maso anali otsegula.

"Ali moyo," anatero Mawaya. "Bambo! Aphunzitsi! Mukutimva?"

"Ndikumva," anayankha bamboyo mwaulemu, ngati wafunsidwa m'kalasi. "Chachitika n'chiyani?"

Anamunyamula awiri. Atafika pagalimoto anaima, kusowa pomuika. Kumbuyo kunalibe mpando, kunali injini yotentha. Munthu wofunika kugona anayenera kupindidwa ngati mpeni kuti alowe pakhomo lalifupilo, ndipo pomupindapo anakuwa kukuwa kumene Sipanala sanakuiwalenso. Anamukhazika pampando wa Mawaya n'kumumanga lamba.

"Pita," anatero Mawaya. Patali azimayi awiri ankabwera akuthamanga, makasu ali m'manja. "Ine nditsala ndiwafotokozere anthu, adziwitse akwawo. Pita, usandiyang'ane."

Kuchipatala kunatsala makilomita makumi anayi. Sipanala anapondanso moto. Injini inakuwa monga poyamba, koma tsopano phokosolo linkamunyansa. Thukuta linali kamukamu, manja akuterera pachiwongolero. Mutu wa mphunzitsiyo unkagwera paphewa pake, iye n'kumaubweza ndi chigongono.

"Makope a ana," anatero mphunzitsiyo. "Mwatola?"

"Mnzanga akutola, bambo."

"Ndinali ndisanachonge. Mawa awafuna." Anapuma movutikira. "Wandigunda ndani?"

Sipanala sanachotse maso pamsewu.

"Ndine, bambo."

"Oo."

Galimoto inadumpha pamalo pamene msewu umalumikizana ndi mlatho, ndipo bamboyo anabuula. Anatsegula maso n'kuyang'ana kutsogolo, kumene msewu unkawathamangira ngati madzi osefukira.

"Chonde, bambo," anatero, "chepetsaniko liwiro. Ndikuopa."

"Tikufuna tifike msanga, aphunzitsi."

"Chonde."

Sipanala sanadziwe choyenera. Akathamanga, munthuyo ankalira ndi mantha ndi ululu. Akachepetsa, ankamva mpweya wake ukufupika. Anatsitsa kufika pa 100, kenako anakwezanso, kenako anatsitsanso, akulankhula zilizonse zimene zabwera pakamwa. Anamufunsa kalasi imene amaphunzitsa, ndipo anati ana aang'ono, oyamba kumene kugwira pensulo. Anamufunsa za kunyumba, ndipo anati kuli mayi ndi atsikana atatu, wamkulu ndi wanzeru pa masamu kuposa bambo ake. Kenako anati akumva kuzizira. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Sipanala anayatsa mpweya wotentha, mpaka m'galimotomo munakhala ngati mu uvuni.

"Kwayamba kuda msanga lero," anatero mphunzitsiyo.

Thanki ya madzi ya pachipatala itayamba kuonekera pamwamba pa mitengo, Sipanala anati, "Tafika, bambo, onani." Sanayankhidwe.

Pakhomo la odwala mwadzidzidzi anthu anayamba aona galimoto, kenako munthu. Anesi awiri anabwera ndi machira. Wamkuluyo anagwira pakhosi pa mphunzitsiyo, n'kumuunika m'maso, ndipo anasiya kufulumira.

"Ndinu achibale?"

"Ayi. Ndine ndamugunda."

Nesiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Musachoke. Tikuimbira apolisi."

"Sindithawa, mayi. Makiyi ndi awa. Ndili ndi wodwala ku wodi ya abambo. Akabwera akandipeze kumeneko."

Wodiyo inali yaitali, mabedi mbali zonse, fungo la mankhwala otsukira pansi likubaya m'mphuno. Achemwali ake anamuona ali pakhomo ndipo anaimirira, dzanja pakamwa. Pabedi la pafupi ndi windo panagona munthu amene Sipanala sakanamuzindikira pamsewu. Achimwene ake, amene ankakweza tayala la lole okha, anali atatha, mikono ngati ndodo, diripi ili padzanja. Koma maso anali omwe aja.

"Wabwera," anatero.

"Ndabwera, achimwene."

"Wafika bwanji msanga chonchi? Achemwali ako aimba posachedwapa." Maso awo anatsikira pa ovolosi yake. "Magazi awo ndi ako?"

"Ayi."

Anagwada pambali pa bedi n'kufotokoza zonse, kupatula chinthu chimodzi: kuseka kuja. Achemwali anayamba kulira chamumtima, atatseka kumaso ndi nsalu. Achimwene anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo funso lawo linali la dalaivala.

"Unali pa zingati?"

"Pa 220. Mwina kupitirira."

Achimwenewo anatseka maso. Sipanala anadikira mawu owawa, ndipo anawafuna. Koma dzanja lopepuka lija linangofufuza pabulangete mpaka linapeza mutu wake, n'kukhala pamenepo.

"Mwana wa mayi anga," anatero. "Ine ndimafuna ndikupepese. Ndi zokhazo. Zikanatheka ndi pafoni pomwe."

Apolisi awiri anafika dzuwa lisanalowe. Anaona wodwalayo ndipo sanamumange unyolo mpaka atatuluka pakhonde. Achimwene ake anakhalabe ndi moyo masiku asanu ndi anayi. Uthenga wa imfa yawo unamupeza m'chitokosi.

Mlandu unazengedwa patatha miyezi itatu, m'kachipinda kotentha ka mabenchi olimba. Dokotala wa mano anabwera tsiku loyamba, nanena kuti sanapereke chilolezo, ndipo sanamuyang'ane Sipanala ngakhale kamodzi. Kutsogolo kunakhala mkazi wa mphunzitsi uja, mayi wamfupi wovala zakuda, ndi mwana wake wamkulu. Sipanala anavomera mlandu. Loya amene anamupatsa anapempha khoti kuti limve chisoni: munthuyu ankathamangira m'bale wake wodwala, sanathawe, ananyamula wovulala yekha. Anthu m'mabenchi anagwedeza mitu. Ngakhale mayi wamasiyeyo anaweramitsa nkhope.

Kenako anaitana Mawaya. Anabwera atavala jekete yobwereka, yaikulu m'mapewa, ndipo analumbira.

"Munamuuza kuti achepetse liwiro?" anafunsa woimira boma.

"Ndinamuuza, bwana."

"Kangati?"

"Kawiri. Kapena katatu."

"Iye anati chiyani? Anatchula za m'bale wake?"

Mawaya anayang'ana nsapato zake. Anayang'ana denga. Woweruza anamukumbutsa kuti walumbira.

"Anati ndimvere injini, bwana."

"Basi?"

"Ankaseka."

Mawaya anatembenukira kwa mnzake, misozi ikutsika. Sipanala anamugwedezera mutu pang'ono, kumuuza kuti palibe kanthu, wanena zoona. Woweruza analamula kuti Sipanala akakhale kundende zaka zisanu.

Pomutulutsa, mkazi wake anali pakhonde, maso atatupa, atanyamula kajumbo ka sopo ndi juzi. Asanalandire, mayi wamasiye uja anaima kutsogolo kwake. Wapolisi anafuna kumuletsa, koma mayiyo sanabwere kudzamenya munthu.

"Inu ndi amene munali nawo komaliza," anatero. "Anavutika?"

Sipanala anafuna kunama, koma lilime linakana.

"Anavutika, mayi. Koma ankalankhula."

"Ankati chiyani?"

"Ankadandaula za makope a ana, kuti sanachonge. Anati ali ndi atsikana atatu." Anayang'ana mtsikana amene anaima kumbuyo kwa mayi ake, wamtali, wa mphumi ngati ya bambo ake. "Anati wamkulu amawaposa masamu."

Mtsikanayo anatembenuka n'kuyamba kuyenda mofulumira kulowera kugeti. Mayi ake anatsalira pang'ono, ngati ali ndi funso lina. Sanalifunse. Anakonza mpango wawo n'kutsatira mwana wawo, akumuitana kuti awadikire.